D&D: tisinthe malamulo pakati pa Barovia, kapena timalize kaye ndi a 2014?

Upile: Anzanga, ndikufuna maganizo anu tisanakumane Loweruka. Takondwa wapeza Player's Handbook ya 2024, buku la malamulo atsopano a masewera a patebulo a Dungeons & Dragons (D&D), achimwene ake amutumizira kuchokera ku Johannesburg, ndipo akufuna tiyambe kuigwiritsa ntchito pa Curse of Strahd yathuyi, nkhani yomwe tikusewera ya dziko la Barovia lolamulidwa ndi vampire wotchedwa Strahd. Gulu lili pa level 6, tangotuluka m'tauni ya Vallaki, nkhani yafika pokoma. Ine monga DM, woyendetsa masewera, mtima uli pawiri. Bukuli ndaliwerenga ndipo zambiri ndazikonda, koma sikuti angokonza timawu ayi. Pa makalasi omwe osewera amasankha, Paladin wasintha, Ranger wasintha, zida zonse zankhondo zapatsidwa mphamvu zake, pomwe zilombo za m'buku la Strahd zinalembedwa mu 2016 poganizira osewera a malamulo akale. Amene mwasewerapo ndi malamulo atsopanowa ndiuzeni zomwe mwaona patebulo, osati zomwe mwamva pa YouTube.

Wongani: Ine ndikukana poyambirira pomwe, achemwali. Mwaona zomwe amuchita Paladin? M'malamulo a 2014 lupanga langa likamupeza mdani ndimangonena kuti ndikuwotcha spell slot (mpata umodzi woponyera matsenga) pa Divine Smite, kuvulaza kwa 2d8 (madayisi awiri a mbali 8) n'kuwonjezereka pomwepo, ndipo akakhala wakufa woyendayenda kapena chiwanda pamabwera 1d8 ina. Kuyambira level 5 ndimamenya kawiri, ndiye ndikhoza kutero kawiri nthawi yanga ikafika. Tsopano Divine Smite yasanduka spell ngati ena onse. Imadya bonus action, kachochita kowonjezera komwe umakhala nako kamodzi basi nthawi yako ikafika, ndipo mdani wodziwa Counterspell akhoza kuyizimitsa. Munthu wanga ndinamupanga kuti tsiku lina adzaime maso ndi maso ndi Strahd n'kutulutsa zonse zomwe ali nazo nthawi imodzi. Mukandilanda zimenezi pa level 6 mwandisinthira munthu.

Takondwa: Aise Wongani, ukungowerenga zomwe walandidwa. Werenganso zomwe wapatsidwa. Matsenga ukuyamba nawo pa level 1, Smite imodzi ndi yaulere pakapita long rest (mpumulo wautali) iliyonse, pa level 5 Find Steed yoitanira hatchi ili nawe nthawi zonse, Lay on Hands yochiritsira yakhala bonus action. Ndipo ulinso ndi Weapon Mastery, mphamvu yapadera ya chida chilichonse, pa zida ziwiri. Lupanga lako lalitalilo lili ndi Sap, ukamenya mdani iye akamabwezera amaponya ndi disadvantage (dayisi kawiri n'kutenga nambala yochepa). Zimenezi n'zochepa?

Ine wa Fighter ndiye ndili ndi chonena chenicheni. Zaka khumi zonse kuyambira 2014, Wizard amatsegula buku n'kusankha pakati pa matsenga makumi, ine nthawi yanga ikafika mawu anga ndi amodzimodzi: ndikumenya. Pano chida chilichonse chili ndi khalidwe lake. Maul ili ndi Topple, mdani akalephera Constitution save (kuponya dayisi kodziteteza) amagwa pansi. Warhammer imamukankha mapazi 10. Greatsword ili ndi Graze, ngakhale ndiphonye imavulazabe pang'ono. Fighter amayamba ndi zida zitatu zoterozo. Koyamba ndikumva kuti kusankha chonyamula m'manja kuli ndi tanthauzo.

Wongani: Lay on Hands pa bonus action ndi Smite pa bonus action. Zonse zili pakhomo limodzi. Ndikachiritsa Pilirani sindingathe Smite, ndikachita Smite Pilirani agonebe pansi. Mphatso yake ili pati?

Takondwa: Kale ukamuchiritsa sunkamenya n'komwe. Pano ukumuchiritsa n'kumenyabe kawiri.

Mwayi: Moni nonse kuchokera kuno ku Johannesburg. Tebulo langa linasamukira ku malamulo atsopano Monster Manual, buku la zilombo, itatuluka mu February 2025, ndiye ndiyankhule ngati DM mnzanu, a Upile, chifukwa mkangano wa anyamatawa ukubisa nkhani yaikulu. Katundu yense wa kusinthaku amagwera inu.

Choyamba ndi nthawi. Munthu wa Topple akamenya kawiri, inu mukuponya ma save awiri. Wina wamuika Sap, wina Slow, wina ali ndi Vex yomupatsa advantage pomenya kotsatira. Pa zilombo zisanu ndi chimodzi muyenera kukumbukira kuti chagwa ndi chiti, chachepetsedwa liwiro ndi chiti. Ine ndinafika pogula timphete tamitundumitundu tokoleka pa tizidole, apo ayi mutu umazungulira. Osewera amasangalala, zoona, koma nkhondo yomwe inkatha msanga pano imakoka.

Chachiwiri ndicho chofunika kwa inu. Osewera a 2024 ndi olimba kwambiri. Pa matsenga ochiritsa, Cure Wounds yachoka pa 1d8 kufika 2d8, Healing Word pa 1d4 kufika 2d4, kumwa mankhwala ochiritsa kwakhala bonus action, aliyense akuyamba ndi feat (luso lapadera) pa level 1. Mukawaika anthu otere kutsogolo kwa zilombo zolembedwa kale, azidutsa osatuluka thukuta. Zilombo zatsopano anazikonza kuti zifanane nawo: zimavulaza kwambiri, ndipo zina sizipereka mpata wa save. Mmbulu watsopano ukakuluma wagwa basi, pomwe wakale unkakupatsa Strength save. Ndiye mukasintha osewera muyenera kusinthanso zilombo, kutanthauza buku lina, ndipo Strahd mwini wake ndi anthu ena a m'nkhaniyo mudzawakonza nokha ndi manja.

Upile: A Mwayi mwakhudza pomwe pakundipweteka. Barovia imayenda ndi mantha. Anthu anga akafika pa mphambano usiku ndimafuna aziwerenga mabotolo a mankhwala omwe atsala n'kumafunsana ngati apitirire. Kuchira kukachuluka mantha amenewo amatha. Ndaonanso lamulo la kudzidzimutsidwa: kale ukagwidwa mosayembekezera raundi yoyamba sunkayenda kapena kuchita kanthu, pano ukungoponya initiative (dayisi yoonera woyamba kuchita) ndi disadvantage. Ndikumvetsa chifukwa chake, raundi yathunthu yaulere inkatha kupha gulu lonse kapena kuthetsa nkhondo isanayambe. Koma m'nkhani ya chinthu chotuluka m'nkhungu, kuuma thupi kwa kamphindi kaja ndi komwe ndimakufuna.

Mwayi: Onaninso anthu osanduka mimbulu aja. M'buku latsopano salinso otetezeka ku zida wamba, siliva sakufunikanso. Ngati gulu lanu lavutika kufunafuna zida zasiliva, ntchito yonseyo ikhala yopanda pake.

Upile: Avutika nazo kwambiri. Pilirani anagulitsa mkanda wa mayi ake a munthu wake kuti apeze mivi imeneyo, ndipo patebulo panali zii. Chimenecho sindingachifafanize.

Pilirani: Poti mwanditchula, ndinene za Ranger, chifukwa pa intaneti ponse anthu a Ranger ndi omwe akulira kwambiri ndipo ine ndili nawo. Ranger wa 2014 anali ndi mavuto, palibe akutsutsa. Natural Explorer inkagwira ntchito pa mtundu wa malo womwe unasankha basi, ukasankha nkhalango nkhani n'kupita kumapanga wagwa nayo. Timayembekezera kuti akonza. M'malo mwake amanga kalasi yonse pa spell imodzi, Hunter's Mark, yoika chizindikiro pa mdani kuti uzimuvulaza kwambiri. Pa level 1 ukuipeza yaulere kawiri. Pa level 13 kuvulala sikungakusokoneze concentration yake (kuikapo maganizo, komwe kumatheka pa spell imodzi yokha panthawi). Pa level 17 ukupeza advantage pa yemwe wamuika chizindikiro. Pa level 20, pachimake penipeni, d6 ikukhala d10. Munthu wayenda ulendo wonse kufika 20, mphoto yake ndi dayisi yokulirapo pang'ono.

Vuto lake ndi lakuti Hunter's Mark imafunabe concentration. Matsenga ambiri abwino a Ranger amafunanso concentration. Ndiye ndikaponya Spike Growth, mphamvu zonse zija zangokhala. Kalasi ikukulanga chifukwa chogwiritsa ntchito matsenga ake omwe. Ndipo mlenje wodziwa tchire, wowerenga mapazi a nyama, wosasochera, amusinthanitsa ndi Expertise yomwe Rogue ali nayo kale.

Takondwa: Apa achemwali sindikutsutsani. Ranger anamuchita zosakwanira. Koma taonani Monk. Yemwe ankasekedwa pa tebulo lililonse pano ndi mmodzi mwa abwino. Nkhonya ikuyambira pa d6, Deflect Attacks ikugwira ntchito pa malupanga osati mivi yokha, ndipo kamodzi pa long rest amabweza Focus Points zake zonse nkhondo ikamayamba. Ngakhale Stunning Strike yakhala kamodzi pa nthawi yake, anthu a Monk sakudandaula.

Pilirani: Pagulu pathu palibe Monk.

Chifuniro: Langa ndi funso losavuta. Munthu wanga ndi half-elf. M'buku latsopano mitundu ilipo khumi, awonjezera Orc, Goliath ndi Aasimar, koma half-elf ndi half-orc mulibe. Ndikudziwa kuti akuti ukhoza kugwiritsabe ntchito wakale. Koma ine ndinasankha munthu ameneyu dala. Bambo ake kwina, mayi ake kwina, ndipo konse kuwiri amamuona ngati mlendo. Ambiri a ife tikuidziwa nkhani imeneyi m'mabanja mwathu, ena tinabadwira ku Zimbabwe kapena ku Zambia makolo atapita kukagwira ntchito. Kutsegula buku lalikulu la masewerawa n'kupeza kuti munthu woteroyo alibe tsamba lake kunandikhudza kuposa manambala onse mukukanganawa.

Chinanso, ndine Warlock. Kale patron unkamusankha pa level 1, chifukwa mphamvu zako zonse zimachokera pa pangano lomwe unapangana naye. Pano makalasi onse 12 amasankha subclass (nthambi ya kalasi) pa level 3. Ndiye Warlock akuyenda ma level awiri ndi mphamvu za mbuye yemwe pepala silikumutchula. Cleric chimodzimodzi.

Mwayi: Za level 3 anachitira omwe ankalowa kalasi level imodzi kuti atape mphamvu n'kuthawa. Warlock ya Hexblade ya level imodzi inali pa Paladin wochuluka zedi. Pa nkhani ndimangouza osewera kuti patron wako umudziwe kuyambira tsiku loyamba, mphatso zake zazikulu ndi zomwe zikubwera mochedwa. Zimayenda. Za half-elf ndilibe yankho, a Chifuniro, kwathu kunonso mtsikana wina anakana kusintha ndipo ndinamusiya ndi wakale.

Chomwe chimandivuta ine ndi ma background. Anachotsa +2 ndi +1 pa mtundu wa munthu, chinthu chabwino, koma anakaziika pa ntchito yomwe ankagwira kale, ndipo background iliyonse ili ndi ma ability atatu okha. Farmer ali ndi Strength, Constitution ndi Wisdom. Ndiye mwana wa mlimi yemwe anaphunzira yekha kuwerenga n'kukhala Wizard sangawonjezere Intelligence. Buku la Tasha mu 2020 linali litamasula kale zimenezi, uike pomwe ukufuna. Abwerera m'mbuyo. Njira yozembera ilipo, ukatenga background ya m'mabuku akale amalola kuika manambala paliponse, koma wosewera watsopano sangaidziwe.

Tiyamike: Pepani akuluakulu, ine ndine watsopano, ndinabwera kudzera pa masewera a pakompyuta a Baldur's Gate 3 ndipo ndangoyamba kumene kusewera patebulo. Ndinayesa kuwerenga buku la 2014 lomwe a Upile anandibwereka, ndinasokonezeka, lamulo limodzi umalifuna malo atatu. La 2024 limayamba ndi kufotokoza kaseweredwe ndi zitsanzo, ndipo kumapeto kuli ndandanda wa malamulo motsatira zilembo. Ndikaiwala tanthauzo la Prone ndimalipeza nthawi yomweyo. Mndandanda wa matsenga uli pa kalasi pomwepo. Kwa ife ongoyamba kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo ndikuona ngati inu amene munazolowera simukukuona. Chimodzi chokha sindinamvetse: ukabisala akuti umakhala Invisible. Ndiye munthu wabisala kuseri kwa mtengo sakuonekanso ngakhale atuluke?

Mwayi: Funso limenelo lakanganitsa anthu ambiri, mchemwali wanga, si iwe wekha. Umaponya Stealth yofuna nambala 15 (DC 15) uli pobisika, ukapambana umalandira dzina la Invisible, koma limatha mdani akakupeza, ukachita phokoso kapena ukamenya. Analemba mosokoneza. Patebulo langa ukatuluka poyera mdani akuyang'ana, waoneka basi.

A Nkhoma: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga kuno ku Leeds, ndiloleni ndiikepo mawu. Ine ndinayamba ndi edition yachitatu ya 2000. Mu 2003 kunabwera 3.5, tinakangana chimodzimodzi, ena akuti atibera, ena akuti akonza. Mu 2008 kunabwera yachinayi, yomwe inasintha zambiri mpaka gulu lalikulu linakana, n'kupita ku Pathfinder ya Paizo mu 2009. Poyerekeza ndi zimenezo, za 2024 ndi zazing'ono. Mafupa a masewera ndi omwewo a 2014.

Koma mkwiyo womwe mukuuona pa intaneti sukuchokera pa Smite kapena Hunter's Mark pokha. Anthu sanaiwale January 2023. Kuyambira 2000 panali chilolezo chotchedwa OGL chomwe chinkalola aliyense kulemba ndi kugulitsa mabuku ogwirizana ndi D&D. Kenaka kunatuluka chikalata chosonyeza kuti Wizards of the Coast, kampani yomwe ndi eni masewerawa, ikufuna kuthetsa chilolezo chakalecho, n'kumatenga 25 peresenti pa ndalama zopitirira $750,000 zomwe wosindikiza wapeza. Anthu anayamba kuletsa ma akaunti awo olipira a webusaiti ya kampaniyo ya D&D Beyond mwaunyinji. Pa 27 January kampani inagonja, n'kuika SRD 5.1, chikalata cha malamulo oyambira, pansi pa chilolezo chaulere cha Creative Commons, komwe singathe kuibwezanso. Mabuku atsopanowa anatuluka bala limenelo lisanapole, m'chaka chomwe masewera ankakwanitsa zaka 50 chiyambire 1974. Ndiye munthu akaona kusintha kulikonse amayamba wafunsa kuti akufuna kutigulitsa chiyani. Ine sindikuwadzudzula.

Mwayi: Ndipo mu August 2024 anabwerezanso, malume. Analengeza kuti pa D&D Beyond matsenga a 2014 achotsedwa pa mapepala a anthu n'kulowetsedwa atsopano, ngakhale kwa omwe ali pakati pa nkhani ngati a Upile. Anthu atakuwa anabweza ganizolo patangopita masiku ochepa. Kenaka mu 2025 Jeremy Crawford ndi Chris Perkins, omwe anatsogolera ntchito yonseyi, anachoka n'kukalowa Darrington Press ya anthu a Critical Role, omwe ali ndi masewera awoawo a Daggerheart. Zimenezi zinachititsa ambiri kufunsa kuti malamulowa adzawasamalira ndani.

Wongani: Tinenenso za ndalama. Buku limodzi ndi $49.99, ndipo alipo atatu. Madola pafupifupi 150 musanawerenge zotumizira, m'dziko lomwe dola kuipeza kwake mukukudziwa. Takondwa ali ndi achimwene ku Joni, enafe tilibe. Buku limodzi pa anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akufuna kulembanso munthu wake. Tizidikirana mpaka liti?

Takondwa: SRD 5.2 inatuluka mu April 2025, yaulere, pansi pa Creative Commons yomweyo. Ndi PDF, ukatsitsa kamodzi bandulo sikuthanso. Makalasi onse 12 alimo, Weapon Mastery ilimo, zilombo zambiri zilimo.

Wongani: Subclass imodzi pa kalasi. Ya Paladin ndi Oath of Devotion, ine ndine wa Vengeance.

Takondwa: Vengeance ili m'buku langa, ndikubwereka ugone nalo. Kapena tichite chonchi: aliyense asankhe yekha. Ine nditenge Fighter watsopano, iwe ukhale ndi Paladin wako wakale. Eni ake ananena kuti zimagwirizana.

Mwayi: Zimagwirizana pa pepala. Patebulo mudzafunsana kuti Counterspell ndi iti, yakale yongozimitsa kapena yatsopano ya Constitution save yomwe mdani sataya slot yake. Kugwira munthu ndi kuti, kupikisana kwa Athletics kapena save. Cure Wounds ya Wongani ikhala 1d8 pomwe wina ali ndi 2d8? Aliyense adzatola zokoma za mbali zonse, ndipo woweruza milandu yonseyo ndi a Upile.

A Nkhoma: Upile mwana wanga, ndiwo sasintha mphika uli pamoto. Anthu ako anapanga anthu awo, anapanga malonjezo m'nkhani, anagula mivi yasiliva, onse akudalira malamulo omwe munagwirizana tsiku loyamba. Malizani. Koma Takondwa usamutaye, dandaulo lake ndi loona, ndipo ndi lakale kuposa iye. Wa lupanga wakhala akuonerera wa matsenga kuyambira ine ndili mnyamata.

Chifuniro: Ine ndili ndi malume. Koma Exhaustion (lamulo la kutopa) yatsopano tiitenge. Yakale palibe amaikumbukira, level iliyonse ili ndi chilango chake, timatsegula buku nthawi zonse. Yatsopano ndi 2 kuchotsa pa d20 iliyonse ndi mapazi 5 pa liwiro pa level iliyonse, ukafika 6 wafa. Ndipo ikugwirizana ndi Barovia, munthu akufooka pang'onopang'ono.

Upile: Zikomo nonse, ndamva. Ndichita motere. Barovia timaliza ndi malamulo a 2014. Wongani Smite yako ikhala momwe ilili, Chifuniro half-elf wako sakusuntha, mivi ya Pilirani igwira ntchito yake. Exhaustion yatsopano ndaitenga kuyambira gawo likubwerali. Mankhwala pa bonus action ayi, pachifukwa chomwe ndanena chija.

Loweruka lino Strahd apume. Tichita nkhani yaifupi ya tsiku limodzi ndi malamulo a 2024 okhaokha, aliyense munthu watsopano wa level 3, zilombo nditenga mu SRD 5.2. Ndikufuna ndione ndi maso anga kuti nkhondo ikutalika bwanji ndi Weapon Mastery. Tiyamike, iwe ndiye walidziwa bwino bukuli, uthandize anzako kulemba mapepala.

Takondwa: Sindinakhutire, achemwali, ndinene poyera. Kuchoka level 6 mpaka kumapeto kwa Strahd ndi miyezi yambiri, ndipo nthawi yonseyo ine ndikhala ndikunena kuti ndikumenya. Mwatengera Chifuniro lamulo limodzi. Nditengereni inenso limodzi, chida chimodzi chokha.

Wongani: Apo ndikumuvomereza. Akapatsidwa chida chimodzi ine sindidandaula, bola chisakhale Topple, ma save angatichedwetse. Ndipo Loweruka ndisewera Paladin watsopanoyo kuti ndikamakana ndizikana chinthu chomwe ndachigwira.

Pilirani: Ine nditenga Monk.

Upile: Takondwa, bwera ndi Fighter wako Loweruka, ugwiritse ntchito zida zonse zitatu. Tikamaliza tikhala pansi, ndipo ngati Graze kapena Sap sizikundichulutsira ntchito, ulowa nayo imodzi ku Barovia. A Mwayi, nditumizireni chithunzi cha timphete tanuto ndione ngati ndingapeze tofanana nato mu Limbe. Tiyambe 2 koloko, ndipo amene ali ndi mwayi wa printa asindikize masamba a zida ndi a makalasi, tisadalire mafoni magetsi akazima.